Chitsulo cha a Teodoro

A Teodoro anali okhoma ndowa pamsika wa Tsangano, koma mtima wawo sunali pa ndowa. Ukawapatsa chidebe chodontha m'mawa, madzulo unkachipeza chikudonthabe, eni ake akuzungulira chisakasa uku akulankhula okha. Chinkawadya chinali sewero. Ali mnyamata anaonako tiyaturu, sewero la papulatifomu, ku Tete, ndipo chibwerereni sanakhazikike.

Masewero a ana a shikola ankawanyansa: mwana kumata ndevu za khonje, kunamizira bwana, anthu n'kuseka, basi. Lawo ankafuna likhale lopanda mawu, lopanda woipa ndi wabwino. Amayi azisinja, bambo wina azikumba kachewere, wina azinola khasu, iwo azikhoma chitsulo, phokoso lonselo lizikwera ndi kutsika mpaka oonera amve kuti ntchito yawo yomwe ija ili ndi nyimbo yake. Anthu ankangopukusa mitu. Wina anawafunsa ngati tsopano munthu azisamba n'kutchena kuti akaonere mtondo umene wausiya kunyumba.

Nthawiyo nkhondo inali itafika pampondachimera. Anthu a ku Chidzolomondo ankadutsa tsiku ndi tsiku, mitolo pamutu, kulowera ku Malawi. Akazi awo, mayi Benedita, anali atatumiza kale mwana wawo Inácio kwa achemwali awo ku Ntcheu, nawonso mtolo atamanga. Ankati iwo safera ndowa. A Teodoro anachonderera kuti adikire Lamulungu lokha, sewero lioneke kamodzi, kenako anyamuke. Mayiwo anati kudikira adikira, koma zokaonera misalayo ayi, phokoso la nyundo linawakwana kalekale.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi anthu anadzaza bwalo la shikola, ambiri pofuna kudzaseka. A Teodoro sanadye n'komwe. Anabisala kuseri kwa mphasa, poti ankafuna liwu liyambe anthu asakuona kumene likuchokera. Apa ndiye panalakwika. Kuti limveke patali, sanatenge lata lawo la masiku onse, anakoleka pamtengo chitsulo cha gudumu la lole. Mutu utadzaza sewero, anaiwala zimene ngakhale mwana woyamwa ankadziwa: chitsulo chotere chikalira, ndiye kuti a mfuti alowa m'mudzi.

Atangomenya, bwalo lonse linabalalika. Linali liwiro la mtondo wadooka. Ngakhale osewera, amene ankadziwa bwino lomwe mwini phokosolo, ataona anzawo akuthawa anataya misi ndi makasu n'kulowa nawo tchire. Nthawi ya nkhondo munthu safunsa.

A Teodoro atasuzumira anapeza fumbi, nsapato zotayika ndi chimanga chili mbwee. Anakhala pansi, nyundo ili m'manja, manyazi ndi chisoni zitawagwira. Mpamene anaona munthu mmodzi akubwera mosathamanga, mtolo pamutu.

"Mayi a Inácio, inu simunathawe?"

"Ndithawe dzanja lanu? Woimba chitsulo cha nkhondo amachita phuma. Inu mumamenya kawiri n'kupuma, ngati mukupepesa ndowa. Zaka zonsezi ndakhala ndikumva chiyani?"

Anatula mtolo uja n'kuukhalira. Anati ayambe msanga, dzuwa likapendeka ulendo.

Osewera panalibe, choncho a Teodoro anachita zonse okha. Ankasinja pang'ono, kuthamangira khasu, kulinola, kubwerera kunyundo, thukuta lili kamukamu, mpweya ukuwathera. Kunena zoona sizinkagwirizana monga ankalotera. Koma mayi aja sanaseke, sanayang'ane kumbali, mpaka liwu lomaliza linazirala.

M'manja sanaombe. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nasenza mtolo wawo. A Teodoro anaika nyundo pansi pa mtengo, poti ulendo wapansi sufuna zolemera, n'kuyamba kuwatsatira.

Mayiwo anacheuka. "Bambo a Inácio, nyundoyo musaisiye."