Dzanja la Ufa pa Shati Yanga

Ndikukumbukira Loweruka lina la mwezi wa Ogasiti, m'mawa dzuwa lisanatenthe. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo linali tsiku lotuluka kuthezo, kumene anyamata a kwathu amakalangizidwa. Za kumeneko sindinena, sizinenedwa. Ndinena za bambo anga.

Bambo anali mkamwini. Anachokera ku Nazombe kudzakwatira kwa amayi, ndipo pamudzi pathu mawu onse anali a amalume, mlongo wawo wa amayi. Munda unali wa amayi, ana tinali a kwa amayi. Chinthu chimodzi chokha chimene bambo ankachitchula kuti n'chawo inali ntchito ya pachigayo ku Chiringa. Anali adakali wachinyamata. Ankachoka m'mamawa pa njinga, n'kubwera madzulo makutu atagontha ndi phokoso la injini.

Sabata yotuluka anamwali inali yoipa kwa munthu wa pachigayo. Midzi yonse inkafuna ufa ndi chimera cha thobwa la chikondwerero. Bambo anapempha tsiku limodzi lokha. Mwini chigayo anawauza kuti ayambe amaliza mzere wa amayi amene anali panja. Mzere wa sabata imeneyo sunkatha.

Mwambo wake unali wakuti anamwali tinkakhala pamphasa, titavala zatsopano, aliyense atafunditsidwa nsalu kumutu. Sunkayankhula kapena kudzutsa mutu kufikira kholo lako litabwera ndi kamphatso n'kukuvundukula. Ine ndinavala shati ya buluu imene bambo anandigulira. M'kati mwa nsalu munali kutentha ndi fungo la sopo. Ndinkangoona mapazi a anthu ndi fumbi.

Anzanga anayamba kuvundukulidwa mmodzimmodzi. Nthungululu zinkalira kumanja, kenako kumanzere. Ine ndinatsala. Ndinamva mawu a amalume pamwamba panga, okweza dala kuti anthu amve.

"Alamu athu aja anakwatira chigayo. Kuno amangobwera kudzagona."

Anthu anaseka. Amayi anati, "Achimwene, tadikirani pang'ono. Abwera."

"Tidikire mpaka thobwa lisase? Mwana ndi wathu uyu. Ndimuvundukula ndine."

Ndinagwira nsalu ija cham'kati ndi manja onse awiri. Amalume anakoka, ine ndinakana. Phungu wanga, mnyamata amene ankandisamalira kuthezo, anandinong'oneza kuti, "Iwe, siya nsalu. Ukundichititsa manyazi." Sindinasiye. Zala zinachita dzanzi. Sindinkaloledwa kuyankhula, koma palibe amene anandiuza kuti sindingagwire nsalu. Sindinkadziwa ngati ndakwiyira amalume kapena bambo amene sankabwera.

Kenako ndinamva njinga ikugwa pansi. Patsogolo panga panaima mapazi awiri oyera mbuu, ovala nkhwaira za matayala. Ndinatayirira nsalu.

Bambo anali oyera kuyambira tsitsi, nsidze, mpaka kuphazi. Thukuta linalemba mizere yakuda pankhope pawo. Anali akupuma mwawefuwefu. Anangoika dzanja paphewa panga n'kufinya, ndipo atalichotsa panatsala chidindo cha ufa, zala zonse zikuoneka pa shati ya buluu.

"Taonani mzukwa wa kuchigayo," anatero amalume. "Ngakhale kusamba, alamu? Mwamudetsera mwana shati pa tsiku lake."

Bambo sankakonda kuyankha amalume. Tsiku limenelo anayang'ana chikho chimene chinali m'manja mwawo n'kufunsa kuti, "Thobwa mukumwalo, alamu, chimera chake wagaya ndani?"

"Si ntchito yanu kodi? Mukufuna tikuombereni m'manja?"

Amalume anatambasula dzanja kuti asase ufa uja paphewa panga. Ndinazinda. Mwana wongochokera kumene kokaphunzira ulemu, kuzinda dzanja la amalume ake pagulu. Amayi anagwira pakamwa.

Bambo asanamwe n'komwe thobwa, kunafika mnyamata wotumidwa ndi mwini chigayo. Sanatsike pa njinga. Anati, "Abwana akuti mwazimitsa injini anthu ali pamzere. Akuti ngati za kumudzi n'zofunika kwambiri, mukhale konkuno."

Amalume anaseka mpaka kutsamwa. Uko n'kumene kunandipweteka koposa, ndipo kumandipwetekabe. Munthu yemweyo amene ankati bambo sadziwa za pakhomo, anaseka poona kuti za pakhomozo zawathetsera ntchito.

Madzulo ndinawapeza bambo kuseri kwa nyumba akutsuka kumaso m'beseni. Madzi anali ngati phala.

"Uko akuti ndine wa kumudzi," anatero osandiyang'ana. "Kuno akuti ndine wa kuchigayo."

"Nanga ndinu wa kuti?"

"Funsa phewa lakolo."

Lero ndine wamkulu kuposa mmene bambo analili tsiku limenelo, ndipo ndikuona kuti anali mwana ndithu. Ankafuna kukhala munthu wokhala ndi ntchito yake komanso bambo wa mwana wake, ndipo mbali iliyonse inkafuna kuti akane inayo. Akuluakulu onse awiri, amalume ndi mwini chigayo, ankadya thukuta lake. Palibe ngakhale mmodzi amene anamufunsa ngati wadya.

Chandikumbutsa ndi mwana wanga Esinati, amene amagwira ntchito pa sitolo ina ku Limbe. Mwezi wathawu anafika mochedwa pa chinkhoswe cha msuweni wake, atavalabe yunifomu, chifukwa kuntchito anamulola kuchoka masana. Ndinamva azakhali ake akuti, "Ntchito yamudya ameneyu. Sakudziwanso kwawo." Anali akunena zimenezi atavala chitenje chimene Esinati yemweyo anawagulira. Ine si munthu wolankhula pagulu, koma ndinaimirira. Ndinawauza kuti mwana akabwera ndi fumbi la kuntchito, mpatseni mpando ndi madzi, mafunso akhale pambuyo. Ndinanena mokweza kuposa mmene ndinkafunira, ndipo sindinapepese. Wachinyamata sasowa chizindikiro cha kumene ali. Amene timasowa maso ndife, tikamamufunsa kuti asankhe pakati pa manja ake ndi magazi ake.

M'mawa wa Lamulungu lotsatira Loweruka lija, amayi anatenga shati yanga kuti akachape. Ndinawalanda. Ndinaivala momwemo, ndi dzanja lake la ufa, n'kupita nayo kutchalitchi. Bambo anali atakhala kumbuyo, kumene kunkakhala akamwini anzawo, opanda ntchito yobwerera Lolemba. Malo anga anali kutsogolo, pabenchi la amalume. Ndinalidutsa benchi lija amalume akuyang'ana, n'kukakhala pafupi ndi bambo.