Mizere itatu ya mabuloko

Ba Fackson Chiti anafika ku Kanyama, kuno ku Lusaka, mu 1983 kuchokera ku Mufulira, ali ndi akazi awo, ba Justina, ndi bokosi la zitsulo. Anandipeza ndili kale kuno. Nyumba zathu zinayang'anana, pakati pali ngalande basi.

Ankagwira ntchito ya ulonda pa fakitale ina ku Chinika, koma manja awo sankadziwa kukhala. Nyumba anamanga okha, zipinda ziwiri, ndi zidina zoumba ndi dothi la pomwepo. Kunja anapaka simenti kuti izioneka ngati ya mabuloko. Chitseko anakhoma okha. Loko ikavuta ankaimasula pa thumba, tizitsulo tonse atatindandalika, mpaka igwire. Mmisiri sanapondepo pakhomo pawo.

Iwo ndi Mubemba, ine ndine wa ku Chipata, choncho kunyozana ndiye moni wathu.

"Mbuya," ankatero, "imwe bakudya mbeba mulipila munthu kuti akukhomeleni msomali umodzi. Ine manja nili nayo."

"Kolwe, nyani amene mumadya uja, nayenso manja ali nawo," ndinkayankha.

Kuno madzi sachokera kumwamba kokha. Pansi pali mwala. Mvula ikagwa masiku atatu, madzi amasowa kolowera, amadzaza njira n'kulowa m'nyumba. Ambiri timachita zofanana: chilimwe chikafika timathira miyala ndi zibuma m'nyumba, timasinja, n'kupaka simenti pamwamba. Pansi pamakwera. Koma oyandikana nawo amakwezanso, msewu amauthira dothi, madzi n'kubwerera kwa amene watsalira m'munsi. Ba Chiti anakweza kanayi. Denga linali pomwe linali. Pomaliza ankayenda chowerama m'nyumba mwawo, ndipo zenera linkawafika m'chiuno.

Mu 2021 ba Justina anadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mawu ankatuluka amodziamodzi. Ba Chiti ndiwo ankawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwanyamula m'mawa kukawakhazika pakhomo kuti aothe dzuwa. Sanalole mayi aliyense wa kutchalitchi kuchapa nsalu zawo.

Mvula ya chaka chachiwiri madzi anafika pa matiresi. Mwana wawo Mwiche, amene amagulitsa zovala za salaula ku Matero ndipo anakwatiwa komweko, anapeza amayi ake atawagoneka pa thebulo. Analankhula ali panja, tonse tikumva.

"Batata, madzi yakangena futi mu nyumba iyi, bamayo nibatenga. Simuzaniletsa."

Ba Chiti sakanatsatira. Ku Matero ndi nyumba ya mkamwini, ndipo mkulu ngati iwo sagona kwa mkamwini. Akazi awo akapita, apita okha.

Mwiche sanangoopseza. Mu Julaye anatumiza womanga nyumba, mnyamata wa zaka ngati makumi atatu dzina lake Desmond, ndipo anati alipira yekha. Desmond anazungulira nyumba, akugogoda chipupa ndi chala. Kumbuyo, cha m'munsi, anaboola pulasitala ndi msomali. Dothi linatuluka ngati ufa.

"Ba shikulu, ichi chipupa chinafa kudala. Chiimilila chabe na pulasita. Tifunika kugwetsa, tikumbe maziko, timange na mabuloko kuchokela pansi."

"Masiku yangati?"

"Myezi ibili. Ba mbuya bankale ku Matero pakali pano."

"Iwe," anatero ba Chiti, "pamene nenze kuumba ivi vidina, banyoko benze bakali kusewela chiyato. Yenda."

Desmond anaseka, natola msomali wake. "Bakulu, chipupa sichimvela zaka."

Madzulo ake ba Chiti anandiuza chifukwa chenicheni. Sizinali ndalama, sikunalinso kunyada kokha. "Myezi ibili, mbuya. Bakapita kuja, baona madzi ya mu pompi, baona toileti ya mukati. Mwiche sazababweza."

Anayamba okha. Anasamutsira bedi m'chipinda chochezera, nakweza pansi pa chipinda chogona kachisanu, nthawi ino pafupifupi kufika m'bondo. Tsopano munthu sakanaima m'menemo. Choncho anachotsa malata, nagula mabuloko a simenti, aja aakulu a sikisi inchi, n'kumanga mizere itatu pamwamba pa zidina zakale. Levulo yawo yoonera ngati mzere wawongoka inali botolo la madzi logoneka. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ataima pa diramu tsiku lonse. Mabuloko ndinkawapatsira ndine. Lililonse linkandithyola msana.

"Zidinazi zisenza?" ndinafunsa tsiku lachiwiri.

"Vasenza denga zaka fote."

Ndinawapatsira buloko lina.

Ntchito inaoneka bwino, ndisaname. Mizere inawongoka. Anabwezera malata, napaka laimu. Tsiku limene anabwezera ba Justina m'chipindamo, ba Chiti anaima chilili pakati, nakweza dzanja osakhudza denga. "Bana Mwiche, onani!" anauza akazi awo. Ba Justina anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Anthu awiri a mumzere wathu wa nyumba anabwera kudzafunsa kuti anachita bwanji.

Mvula yaikulu inabwera mu Januwale. Kwanga madzi analowa mpaka m'akakolo. M'chipinda chokwezedwa cha ba Chiti sanalowe. Ankaima pakhomo, buluku atapinda, akufuula kudutsa ngalande.

"Mbuya! Bwela uone pouma! Bwela na mbeba zako zisamile!"

Madzi sanalowe, koma sanachokenso. Anaima panja, atazinga nyumba, masiku asanu ndi anayi. Kale ankalowa ndi kutuluka, chipupa chili ndi malata okha pamutu. Tsopano zidina za pansi zinkamwa madzi zitasenza mabuloko. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinaona pulasitala ya kumbuyo itatupa ngati mimba. Ndinawaitana. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga mtengo wa bulugamu n'kuchirikiza.

"Asamutseni amayi," ndinatero.

"Ku chipinda china kuli chinyontho. Bazadwala chifuba. Mvula ikasiya nizakonza."

Tsiku lakhumi kunacha ndi dzuwa. Cha m'ma naini ba Chiti anali pakhomo, akuphika phala pa mbaula, ba Justina akadali pa bedi. Panalibe phokoso lalikulu. Zidina zinangokhala pansi ngati munthu wotopa, ndipo mizere itatu ija inagwera mkati yonse pamodzi, malata akutsatira.

Ba Justina sakanatha kukuwa. Tinawapeza ndi maso, akutiyang'ana pakati pa fumbi. Mabuloko anali pa miyendo ndi m'chiuno. Tinachotsa limodzilimodzi, ine, azimayi a pampopi ndi anyamata a mawilibala. Ba Chiti ankakumba ndi manja, zikhadabo zikutuluka magazi, akungoti "Bana Mwiche, bana Mwiche." Desmond, amene ankagwira ntchito mzere wachitatu kuchokera kwathu, anafika akuthamanga. Ndiye ananyamula malata.

Kuchipatala anati chiuno chathyoka pawiri, ndipo pa msinkhu wawo sichidzalumikizana bwino. Mwiche sanakalipe. Anabwera Loweruka, nalowa m'chipinda chotsalacho, nalongedza zitenje za amayi ake, mankhwala ndi buku la nyimbo. Atate ake anamugwirira thumba kuti alongedze bwino. Potuluka kuchipatala, galimoto inalunjika ku Matero.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Ba Chiti amakhala m'chipinda chimodzicho, mbali yogumukayo atatchinga ndi malata. Lamlungu lililonse amavala jekete, amakwera minibasi ziwiri, amakakhala pa mpando pafupi ndi bedi la akazi awo mpaka cha m'ma folo. Chakudya cha kwa mkamwini amadya pang'ono. Amabwerako dzuwa lisanalowe.

Lamlungu lapitali sanalowe kwawo. Anawoloka ngalande nadzakhala pa benchi langa.

"Lelo bakamba," anatero. "Mau yabili. Ati, 'Nyumba, liti?'"

"Munati chiyani?"

"Mwiche enze pamenepo. Ananiyangana." Anavula chipewa, nachiika pa bondo. "Sininayanke."