Dzanja la Zipsera la a Bakari

A Bakari, makaniko wa pa Boma, kale ankamanga paipi ya petulo yodontha ndi chingwe cha mphira, ngati anzawo onse. Analeka tsiku limene galimoto ina inawayakira m'manja ku Dwambazi. Anamva mochedwa kuti kampani yopanga galimotoyo inali itaitanitsa magalimoto onse amtundu umenewo kuti ikawakonze, koma kalata inathera kwa mwini wake woyamba ku Japan.

Loweruka lapitali dalaivala wina anabwera ndi galimoto yamtundu womwewo, ikununkha petulo, itadzaza anthu opita ku ukwati, mkwatibwi ali momwemo.

"Ingomangani, madala, tachedwa!"

A Bakari anazula kiyi n'kuponya m'thumba.

"Ndiitana apolisi!" anakalipa dalaivalayo.

"Kaitane," anatero a Bakari, akumuonetsa dzanja la zipsera. "Mkwatibwi ayende wapansi, koma akafike wamoyo."