Napolo wa m'foni ya mwana wanga

Chinsombacho ndinadana nacho tsiku loyamba kuchiona, ndipo ndinene poyera, mpaka lero sindichifuna. Mutu ngati wa mlamba, ndevu zake zomwe, manja ngati a nkhanu koma okunga zibakera, mchira wautali, thupi lonse lobiriwira ngati ndere. Chinkakhala m'foni ya mwana wanga wamwamuna, m'gemu ina imene anthu amagwira tizilombo, kutiweta, n'kumatimenyanitsa ndi ta anzawo. Icho chinali cha m'madzi. Pomenyana chinkavuuka m'dziwe, kulavula madzi, kenako chibakera, phi!

Mwanayo ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa Njuli. Akasowa okwera ankakhala panjingapo n'kumadinadina. Akafika pakhomo, chakudya chikuzizira, iye maso pafoni. Ndinkamukalipira kuti, "Munthu wandevu iwe, ukuweta nsomba yosadyeka? Bwanji osaweta nkhuku?" Iye kuseka, amvekere, "Amayi, ichitu ndachilera chili dzira. Pasiteji ponse palibe wachigonjetsa."

Anagundidwa ndi lole tsiku lina masana. Pomwe ankafika naye kuchipatala ku Nguludi n'kuti atatsirizika kale. Anandipatsa kajumbo, muli nsapato imodzi ndi foni ija, galasi litang'aluka koma ikuyaka. Mlongo wake, mwana wanga wamkazi amene nthawiyo anali Fomu 1, ndiye anaitenga. Ankayenda wapansi kukatchajitsa, n'kubwera kudzakhala kuseri kwa nyumba, kumadyetsa chinsombacho monga ankachitira mchimwene wake. Zinkandinyansa, koma ndinamusiya. Ndinati aliyense ali ndi kaliridwe kake.

Dzinja lotsatira kunagwa mvula ya masiku angapo osakata. Phiri linagumuka mbali ina, matope ndi miyala n'kutsetsereka kukokolola minda. Kwathu kuno zikatero timati wadutsa napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimapita ndi madzi. Munda wa achemwali anga aakulu unapita wonse, chimanga ndi nandolo yemwe. Wanga, umene uli pamtunda pang'ono, unatsala.

Achemwali angawa tinabadwa bere limodzi, nyumba zathu zinayang'anizana, koma pakamwa pawo sipatseka. Iwo ndi amene anasuzumira foniyo mwana wanga akudikira pamzere pamjigo, n'kuona chinthu chikuvuuka m'madzi. Basitu. Sabata isanathe mudzi wonse unali utamva kuti mtsikana uja akuweta napolo m'foni, amamudyetsa m'mawa ndi madzulo, n'chifukwa chake munda wa amake sunakhudzidwe. Ena anawonjezera kuti, "Nanga mchimwene wake uja anafa bwanji?" Funso limeneli ndi limene linandiwawa koposa.

Atsikana anzake anayamba kutsuka chogwirira cha mjigo iye akachokapo. Kutchalitchi benchi yake inkakhala ya yekha. Anali m'kalasi ya Ulimbitso, koma makolo ena anati ana awo sakhala naye pamodzi. Akatekisiti, munthu wofatsa amene sankakhulupirira n'komwe zimenezi, anabwera n'kundiuza motsitsa mawu kuti mwanayo ayambe wadikira mpaka nkhani ikambidwe kulimana, kagulu kathu ka akhristu a m'mudzi. Mwana wazaka khumi ndi zinayi akutchedwa mfiti chifukwa cha kachidole!

Ndinawalondola achemwali pakhomo pawo. Ndinati, "Achemwali, munda wanu munalima m'khwawa, ndinakuuzani chaka chatha. Napolo wake uti? Manyazi mulibe, kunamizira mwana wa mng'ono wanu?"

Iwo osasiya n'komwe kusankha nyemba, amvekere, "Ine ndinaona ndi maso angawa. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Ukota wake umenewo? Nsanje basi!"

Tinatukwanizana mpaka anthu anadzadza. Palibe chinasintha, kupatula kuti tsopano ankati ndi amake omwe akudziwapo kanthu.

Kunyumba ndinamuuza mwanayo kuti achifufute chinthucho. Anakana. Anati, "Amayi, taonani kaye apa, pamwamba pa mutu wake. Pali zimene analemba achimwene." Anandibweretsera foniyo kumaso. Ndinaikankha. Ndinati, "Choka nazo uko! Ine sindiyang'ana zonyansa zako, zatiputira zokwanira." Anayesanso m'mawa mwake, ndinamubweza chimodzimodzi. Mtima wanga ukatentha sindimva, zimenezo ndimadzidziwa.

Limana linakumana Lachinayi masana, ndipo mwatsoka linali pakhomo pa achemwali omwewo. Ndisanapite ndinatulutsa foniyo m'chikwama chake cha kusukulu iye akutsuka mbale, ndinatenganso khasu. Anandiona, n'kunditsatira akuthamanga. Titamaliza kolona, wapampando asanatsegule n'komwe nkhani, ndinaimirira n'kuika foniyo pamwala pakati pa bwalo.

Ndinati, "Napolo wanu ndi uyu. Muoneni bwinobwino."

Ndinaimenya ndi msana wa khasu. Phwa! Kachiwiri. Kachitatu. Tizidutswa tinathothokera pamphasa za azimayi. Ndinati, "Wafa. Tsopano wina atchulenso mwana wanga, khasu lake ndi lomweli." Kenako achemwali aja anakonza mpango wawo n'kunena kuti, "Mwachita bwino, tsopano tigona mtendere." Ndinalakalaka kuwalavulira.

Mwana wanga sanalire. Anagwada n'kuyamba kutola tizidutswato, kumaika m'chitenje. Atatha anandiyang'ana, n'kulankhula anthu onse akumva.

"Gemu ija imalola munthu kupatsa dzina chilombo chake. Achimwene analemba kuti Amayi. Ankati chimapsa mtima msanga ngati inu, koma chikaima kutsogolo palibe amakhudza tinzake ta kumbuyo. Ndimafuna mungoona."

Khasu linandilemera m'manja. Ndinakumbuka kuseka kwa mchimwene wake kuja ndikamamukalipira, kuti palibe wachigonjetsa pasiteji ponse. Mwana wanga ankanyadira ine pakati pa anzake a kabaza, ine ndikumunena kuti akuweta nsomba yosadyeka. Ndinamva chisoni chimene sindinamve ngakhale pamanda pake.

M'mawa mwake ndinapempha tizidutswato, mwanayo anandipatsa. Ndinakwera kabaza kupita kwa wokonza mafoni pa Njuli. Anatembenuzatembenuza, n'kupukusa mutu. Anati gemu imeneyo imasunga zinthu zake m'foni momwemo, kwina kulibe, ndipo khasu linafika penipeni. Ngakhale titagula foni ina, n'kugwira chinsomba china chofanana nacho, sichingakhale chimene analera mwana wanga.

Kumudzi zinatha monga ndinafunira. Atsikana anabwerera, benchi inadzaza, mwanayo analandira Ulimbitso atavala diresi loyera. Achemwali patapita masabata awiri anabwera kudzapempha mchere ngati palibe chinachitika. Ndinawapatsa, koma ndinawathirira m'manja ndili chiimire pakhomo, ndipo m'nyumba mwanga sanalowemonso.

Mwana wanga amandilemekeza. Amaphika, amachapa, amagwada pondipatsa madzi. Koma chichokere Lachinayi lija amangoti, "Chakudya chapsa," kapena, "Ine ndapita kusukulu." Akafuna kundiitana ndili patali amabwera pafupi n'kunena kuti, "Inu." Ndinamufunsapo kamodzi kuti kodi ndilibe dzina. Anayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Munaliphwanya nokha."

Tsopano ali Fomu 3. Ndimakhala tcheru tsiku lililonse akamachokera kusukulu, mwina angaiwale n'kundiitana monga kale. Sanaiwalepo.