Masamba amene anatsala

Linali Lachinayi, 10 koloko m'mawa. Ndinkasanja mabulosi ogulitsa m'mphepete mwa msewu wokwera kuphiri pamene foni inalira. Bambo wina wosamudziwa anati minibasi yagubuduzika kufupi ndi Songani, ndipo mwana wanga wamkazi analimo. Ndinafika kuchipatala atamuphimba kale nsalu kumaso.

Anali m'chaka chomaliza ku yunivesite, ku Chirunga. Ine sukulu ndinalekera sitandade 4, Chingerezi sindichimva. Koma Loweruka ankakwera kudzandithandiza malonda, ndipo magalimoto akachepa ankatulutsa buku limene ankalembera mayeso, n'kumanditanthauzira m'Chichewa.

Linali lonena za nyumba yaikulu yokhalamo mabanja ambiri. Mwini nyumbayo ankalamula kuti mazenera azitsekedwa ndi njerwa, limodzilimodzi, ati mphepo imabweretsa matenda. Wofotokoza nkhaniyo anali mmisiri womanga njerwazo, ndipo tsamba lililonse ankatamanda bwana wakeyo.

"Nanga anthu akuluakulu n'kumalemba mayeso a mazenera?" ndinamufunsa.

"Amayi inunso! Nyumbayo ndi dziko. Zenera ndi pakamwa pa munthu."

"Nanga mmisiriyu bwanji akungoyamika, chonsecho ana ake akutsokomola mumdima?"

"Wolembayo wachita dala. Akufuna mukwiye nokha, iye asakuuzeni."

Ndili mtsikana, malume anga anatengedwa ndi galimoto usana, osabweranso, ndipo kunyumba tinkangoti anapita kukagwira ntchito kutali. Mmisiri uja ndinamumvetsa. Ndinkafuna kudziwa ngati tsiku lina adzatule njerwa pansi n'kunena zoona. Mwana wanga anakana kundiuza. Anamwalira zenera litatsala limodzi.

Maliro atatha, mnzake amene ankakhala naye chipinda chimodzi ku Chikanda anabweretsa katundu wake. Bukulo linali pamwamba pa zovala, tsamba lina litapindidwa pakona. Ndinamupatsa.

"Mwanangu, ungondiuza mmene linathera."

Anayang'ana pansi. "Amayi, ine ndimaphunzira za nthaka. Sindinaliwerengepo. Koma ndikhoza kutsegula kumapetoku ndikuuzeni pompano."

Anali atayamba kale kutembenuza masamba. Ndinamugwira dzanja. Ndinaona kuti akandiuza m'mawu awiri, ndiye kuti chomaliza chimene ine ndi mwana wanga tinkachitira limodzi chatha tsiku lomwelo, pakhonde pomwepo.

"Ayi. Yambira pamene anapindapo."

Sawerenga ngati mwana wanga. Amakakamira pa mawu ena, amafunsa foni yake tanthauzo, nthawi zina amalira n'kutseka buku. Mmisiri uja akadali kutamanda, ndipo waponda kale dothi lomangira zenera lotsiriza. Sindikuyembekeza zabwino.

Masiku ano Loweruka ndimaweruka msanga, n'kutsikira ku Chikanda ndi mabulosi otsala ndi bukulo m'thumba. Amandiwerengera tsamba limodzi. Akafuna kupitiriza, ndimamuletsa.