Tsiku limene ndinathena chimanga cha Sitandade 4

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, pasukulu ina yaing'ono kuseri kwa Mitundu, yozunguliridwa ndi minda ya fodya mbali zonse. Makolo anga anali matenanti pa esiteti. Anachoka kwawo ku Phalombe ine ndisanabadwe, choncho ndinakwawira m'fodya, n'kuphunzirira kuyenda m'fodya momwemo. Manja anga ankamata utomoni wake ngakhale nditasamba chotani. Munda wa chimanga tinalibe, poti mwini esiteti sankalola tenanti kutaya nthawi ndi mbewu ina. Chimanga ndinkachidziwa chili m'thumba, pa ulendo wa kuchigayo. Inde ndinkachiona m'minda ya eni mudzi tikamapita kumsika, koma kungoona chabe, monga umaonera galimoto ya eni ikudutsa.

Ndinali mwana woyamba, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pantchito ya fodya manja sakwana. Bambo anga sanali munthu wankhanza ayi, koma akanena chinthu chinkakhala chomwecho. Sukulu itatsegulidwa anandiuza kuti akundipatsa chaka chimodzi chokha. Ndikalephera mayeso, kapena iwo akaitanidwa kusukulu pa mlandu wanga, basi, khasu likundidikira. Ine sukulu ndinkaikonda koopsa, ndipo mawu amenewa ndinkayenda nawo tsiku ndi tsiku.

Aphunzitsi athu anali a Mbewe, bambo wamtali wa mawu otsika, amene ankabwera pa njinga yolira ngati nkhanga. Mabuku anali ochepa moti limodzi tinkaunjikirana asanu ndi mmodzi, ena kuwerenga chozondoka. Ndiye a Mbewe anatilimitsa kamunda ka mizere khumi ndi iwiri kuseri kwa kalasi, n'kunena kuti buku lathu lalikulu ndi limenelo. Sanali kunama. Masamu tinkaphunzirira pomwepo: kuyeza kutalika kwa mzere ndi chingwe, kuwerenga mapando a mzere umodzi n'kuchulukitsa ndi mizere yonse. Theka ndi kota ndinazimvetsa tsiku limene anatigawa kuti atsikana apalire theka la munda, anyamata theka linalo, anyamatawo n'kupalira kota yokha. Pa Chichewa tinalemba chimangirizo cha munda wathu. Pa Chingerezi tinkaloza muzu, phesi ndi tsamba, tikukuwa mayina ake mpaka a Sitandade 5 kudandaula.

Sizinathere pomwepo. Tinajambula mapu a sukulu, kuonetsa kotulukira dzuwa, mjigo, msewu wa ku Mitundu ndi kamunda kathu pakona. Pa sayansi tinadzala njere m'zitini ziwiri, china padzuwa, china m'kabati ya aphunzitsi. Cha m'kabaticho chinamera chachikasu, chowonda ngati chadwala malungo, ndipo tinachimvera chisoni kalasi yonse.

Kunena zoona, Chingerezi chinkandizunguza mutu, masamu ndinali wapakatikati. Koma zaulimi, aaa, pamenepo ndinkadzimva. Ana a m'mudzi ankatinena ife a ku esiteti kuti timanunkha fodya, ndipo ine ndinkangoti mumtima, dikirani, tsiku lina mudzadziwa mlimi weniweni ndani.

Tsikulo linafika chimanga chitayamba kutulutsa ngayaye, maluwa aja a kunsonga. Ndinaziyang'ana sabata yonse ndikudabwa ulesi wa a Mbewe. Kwathu fodya akangoonetsa duwa timathyola nsonga msangamsanga kuti mphamvu ipite kumasamba. Timati kuthena fodya. Kapitawo akapeza duwa ngakhale limodzi m'munda mwako, ankakukalipira anthu onse akumva. Nanga apa munthu wophunzira angasiye bwanji munda wonse ukuchita maluwa? Ndinaganiza kuti mwina aiwala, poti ntchito yawachulukira.

Lachisanu linali tsiku langa losesa m'kalasi. Anzanga atapita, ndinalowa m'munda. Dzuwa linali likuswa mtengo, masamba akundicheka m'mikono, kafumbi kachikasu kakundigwera m'tsitsi ndi m'maso. Ndinkaweramitsa phesi mosamala, thyo, n'kupita pa lina. Sindinasiye ngakhale imodzi. Ngayayezo ndinaziunjika bwinobwino pamapeto pa munda monga bambo anandiphunzitsira, n'kubwerera kunyumba ndikuimba. Loweruka ndi Lamulungu ndinkangoganiza mmene a Mbewe adzanditamandire pamaso pa ana a m'mudzi aja.

Lolemba tinawapeza ataima pamunda, manja ali m'chiuno, njinga itagona pansi. Ena ankati ndi mbuzi, ena ankati ndi nsanje ya a Sitandade 5. A Mbewe anafunsa mofatsa ngati alipo akudziwa amene wachita zimenezi. Ine dzanja m'mwamba, mano onse pamtunda. Atandifunsa chifukwa chake, ndinafotokoza momveka bwino, ndi mawu a kapitawo enieni, kuti duwa limadya mphamvu ya mbewu. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ena mpaka kugubuduka pa udzu. A Mbewe okha sanaseke, ndipo sanandimenye. Koma nkhani inafika kwa ahedi, ndipo lamulo linali lakuti mwana akaononga katundu wa sukulu, kholo libwere. Ahediwo anandipatsa kalata yoitana bambo. Ndinadziwa kuti sukulu yanga yathera pomwepo.

Tsiku lomwelo a Mbewe anasiya zonse zimene anakonza n'kutikhazika pansi m'mphepete mwa munda. Anatiuza kuti kafumbi kachikasu kaja ndi mungu, ndipo kuti ndevu iliyonse ya chimanga imadikira mungu kuti ibale njere yake imodzi. Ndevu ikapanda kulandira, pamalo pakepo pamakhala gweru. Fodya timafuna masamba, chimanga timafuna njere, n'chifukwa chake china timathena, china ayi. Poti kamunda kathu kanali pakati pa fodya, panalibe chimanga china pafupi choti mphepo ingatibweretsere mungu. Ndinamvetsa zonse, ndipo kumvetsako ndi kumene kunandiliza.

Madzulo ndinapereka kalata kwa bambo. Mayi anawawerengera, poti mayiwo ndiwo anafikako Sitandade 3. Bambo anangoti amva, n'kupitiriza kusoka fodya.

M'mawa mwake, mame atangouma, a Mbewe anatitengera kumunda wa mayi ena a m'mudzi amene anawapempha. Aliyense anapinda pepala la kope lakale, n'kumagwedezera ngayaye pamenepo mpaka pepala kuchita chikasu. Tinabwerera chothamanga koma mosamala, ngati tanyamula mazira, n'kuyamba kuwaza munguwo pa ndevu za chimanga chathu, phesi ndi phesi. Tili mkati mochita zimenezi ndinaona bambo akubwera, atavala malaya awo a kutchalitchi, manja ali bii ndi utomoni. Inali nthawi yothyola fodya, pamene tenanti sachoka m'munda ngakhale mutu ukumuwawa.

Anapatsana moni ndi a Mbewe ndi ahedi, kenako anayenda mzere woyamba mpaka kumapeto, akuyang'ana nsonga iliyonse. Anabwerera ndi wachiwiri. Ine ndinaima ndi pepala langa m'manja. Atafika pamene ndinali anandiyang'ana.

"Esinati, iwe sudziwa kuti ngayaye sathyola?"

"Sindimadziwa, bambo. Ndikanazionera kuti?"

Sindinanene mwachipongwe, ndinangoyankha zoona. Koma ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anayamba kupotokola tsamba la chimanga ndi zala. Ahedi anayamba kufotokoza za chilango, bambo n'kuwapempha mwaulemu kuti ayambe alankhula iwo.

"Aphunzitsi, mlanduwu ndi wanga. Wathyola bwino mwanayu, mmene ndinamuphunzitsira ine. Mwana wa mlimi wafika msinkhu uwu osadziwa chimanga chifukwa bambo wake alibe munda. Ndinabwera kuti ndimutenge, koma ayi. Akhale konkuno, mumuphunzitse zimene ine ndilibe pomuonetsera."

Anatsanzika n'kubwerera kuntchito, osatembenuka. Ahedi anandipatsa chilango chothirira maluwa a kuofesi sabata ziwiri, ndipo sindinaonepo chilango chokoma ngati chimenecho.

Chimanga chathu chinabereka ndithu, ngakhale chambiri chinali cha magweru ngati m'kamwa mwa mwana wa Sitandade 1. A Mbewe, osataya kanthu, anatiwerengetsa njere ndi magweru, n'kukhala masamu a sabata yonse. Dzina lakuti Kapitawo linandimamatira mpaka Sitandade 8. Mayeso a Sitandade 4 ndinakhoza pa nambala 14, ndipo bambo sanatchulenso za khasu, ngakhale zaka zimene ntchito inawapsinja kwambiri.

Lero ndimakhala ku Nathenje, ndipo mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 4. Ali ndi mabuku ake, ndipo akafuna kudziwa za mungu amabwereka foni yanga n'kuona chithunzi. Nditadutsa kusukulu yathu yakale ndinapeza pamene panali kamunda paja atamangapo kalasi ya njerwa zootcha. Sindidandaula, ana akuphunzirira pabwino kuposa ife amene tinkakhala pafumbi. Koma Loweruka ndimamutenga mwanayo kupita naye kumunda, afune asafune, kuti mbewu azidziwe ndi manja. Mundawo ndi wanga, wogula ndi thukuta la sukulu imene bambo anandisiyira tsiku lija. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ndinaupeza mochedwa. Bambo anamwalira pa esiteti ya eni, kutatsala zaka ziwiri kuti ndiwaonetse malire a munda wangawo.