Mawu a Kalisto mu Kaseti

A Kalisto a ku Mayani sankatha kukhala pansi. Ngakhale m'tchalitchi, nthawi ya ulaliki, bondo lawo linkangogwedezeka ngati likufuna kutsogola kunyumba. Ntchito yawo inali yoitanira malonda pamulu wa kaunjika wa a Musa, ndipo inkawayenera. Ankangozungulira muluwo, juzi ili m'manja, maso ali pa anthu.

Sankakuwa chisawawa. Ankayamba amuona kaye munthu.

"ANagama, makutu a mwanayo auma ndi chisanu. Chipewa ichi n'chake."

"Inu a Kalisto, ine ndadzera mchere."

"Mchere safunda, mayi. Tamuyesani, kuyesa salipira."

Chisankho cha 1994 chitatha, zimkuzamawu za pamisonkhano zinasowa ntchito. A Musa anagulako chimodzi kuboma, pamodzi ndi wailesi ya kaseti ndi batire la galimoto.

"Achimwene, pakhosi panu papumuleko," anatero a Musa. "Mulankhule umu kamodzi, zinazo makinawa amaliza okha."

A Kalisto anayang'ana wailesiyo, koma panalibe nkhope yoti aione. Anangokuwa kuti, "Zatchipa, bwerani nonse!" n'kutsekera ndi phwete lalitali kuti abise manyazi. Kasetiyo inasunga zonse.

Kuyambira pamenepo mawu awo ankafika mpaka kuchigayo, eni ake akupinda malaya chamumtima. Anthu anachulukadi. Koma a Kalisto ankangoyendayenda, kutola ichi n'kuchisiya, kudzimva akuitana anthu amene sakuwaona.

Lachisanu lina m'nyengo yozizira, a Musa ali kumzikiti, ngolo inatulukira kuchokera kuchipatala. Inanyamula thupi la bambo wina wocheka matabwa wa ku Chongoni, mkazi wake, mayi Kristina, akulira pambuyo. Msika wonse unangoti zii. Abambo anavula zipewa, amayi anakhala pansi, wogulitsa nyama anatsitsa chikwanje. A Kalisto anali tsidya la msewu, kopempha chingwe chomangira belo, nawonso chipewa chili m'manja.

Pamenepo chimkuzamawu chija chinakuwa kuti zatchipa, kenako chinaseka. A Kalisto anathamanga, anasowa podina pozimitsira, mpaka anazula waya kubatire. Ngolo inali itadutsa kale.

Mawa lake anapita kusiwa. Abambo pamphasa anawasendera kutali kuposa mmene amasenderera mlendo. Wina ananong'ona, koma momveka, kuti, "Wafika woseka maliro uja."

Mwambo utatha a Kalisto anakagwada pakhomo pamene panakhala namfedwa.

"Mayi, pepani. Sindine ndinaseka. Ndi makina."

Mayi Kristina sanakweze mutu. "Ndinamva ndi makutu angawa, bambo. Mawuwo ndi a yani?"

A Kalisto anadzuka pamene anagwadapo. Anayenda wapansi kubwerera ku Mayani osaima paliponse, mpaka pakhonde la a Musa.

"Mufufute kaseti ija."

"Nanenso zandiwawa, achimwene," anatero a Musa. "Maliro ndi maliro, kwathu ndi kwanu komwe. Koma chinthuchi chimakoka anthu."

"Ndiye jambulanimo mawu anu. Chikaseka pena, adzati aseka ndi a Musa."

A Musa anakanda ndevu nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi kasetiyo, n'kuwapatsa m'manja. Chimkuzamawu anachigulitsa kwa anyamata oonetsa kanema.

A Kalisto anabwerera kuzungulira mulu wawo, ndipo akuitanirabe mpaka lero, ngakhale mawu anasasa. Koma akangomva kulira kwa mateyala a ngolo amadukiza pakati pa mawu, n'kusuzumira kumsewu, ngakhale ngoloyo itanyamula mbatatesi. Ena anaiwala, ena amawatchulabe dzina lija akapotoloka. Mayi Kristina amabwera kumsika mwa apo ndi apo, amagula sopo ndi usipa, n'kudzera kuseri kwa chigayo. A Kalisto amawaona ndithu, juzi ili m'manja, koma sanapezebe mawu owaitanira.